KODI NYUMBA YATHU IMALOLA ALIYENSE KUKHALAMO MWAUFULU?

Nkhani yokambidwa kwa atsogoleri a miphakati ndi magulu oyendera odwala



Nkhani yathu lero ndi ya nyumba. Sitikamba zakuti nyumbayo ndi ya malata kapena ya udzu ai. Funso lathu ndi ili: kodi munthu amene amavutika kuyenda, kuona kapena kumva angathe kukhala pakhomo pake mwaufulu, osadikira wina kuti amnyamule kapena amgwire dzanja nthawi zonse? Ambiri a ife timayendera odwala ndi okalamba. Timawatengera ufa, sopo ndi nkhuni, ndipo nzabwino. Koma tikatsazika, sitepe lalitali lija limatsala pakhomo pompo, chimbudzi chija chimakhalabe chosaloweka. Lero tiphunzire kuyendera nyumba ndi maso atsopano, kuti tidziwe chofunika kukonza ndi poyambira pake.

1. NKHANIYI IKUKHUDZA YANI?

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo muno m'Malawi, mmodzi ali ndi vuto lina la kuona, kumva, kuyenda, kulankhula kapena kudzisamalira. Pafupifupi theka la anthu amenewa amavutika kuona. Tsono werengani mabanja a mu mphakati mwanu. Mupeza kuti nkhaniyi si ya anthu akutali.

Akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ena amabadwa ndi ulumali, koma ambiri umawapeza m'njira: ngozi ya pamsewu, sitiroko, matenda a shuga, ng'ala, nyamakazi, ndiponso ukalamba umene tonsefe timaupempha. Mayi woyembekezera ndi munthu wothyoka mwendo naonso amavutika ndi sitepe lomwelo kwa kanthawi.

Tiyerekeze amayi awiri amene onse anafa mwendo wa kumanzere. Woyamba khomo lake ndi lathyathyathya, m'chimbudzi mwake muli pokhala ndi pogwira. Amadzuka, kusamba ndi kuphika yekha, napita kumsika. Wachiwiri khonde lake ndi lalitali kufika m'maondo, ndipo chimbudzi chili kutsidya kwa ngalande. Amatandala pamphasa kudikira mdzukulu aweruke kusukulu. Matenda ao ndi amodzi, koma moyo wao ndi wosiyana. Chimene chawasiyanitsa ndi nyumba. Mwendo uja sitingathe kuuchiza ife, koma nyumba tingathe kuikonza.

2. MALAMULO AKUTINJI?

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, pa ndime 20 amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2006 bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano la maufulu a anthu aulumali, ndipo dziko la Malawi linavomera kutsata panganoli mu 2009. Mwa zina, panganoli limanena za ufulu wofika pamalo mosavuta, ufulu wokhala pakati pa anthu anzako m'mudzi, ndi ufulu wokhala m'nyumba yoyenera. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loona za ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano. Potsatira lamulo latsopanoli, bungwe limene tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano likutchedwa MACODA.

Motero kukonza khomo la munthu waulumali si kumchitira chifundo chabe. Ndi kumpatsa chimene chili chake kale. Koma lamulo silibwera lokha kudzakonza chimbudzi cha agogo anu. Ufulu umayenda ndi udindo, ndipo udindo umenewu uyambira pabanja ndi pamudzi.

3. TISANAYAMBE KUYENDERA

Choyamba, pemphani chilolezo. Nyumba ndi ya eni ake, ndipo inu simunapite kukagwira anthu zifukwa.

Chachiwiri, lankhulani ndi mwini wake wa vutolo. Kawirikawiri timafunsa womsamalira kuti, "Kodi awa amatha kupita okha kubafa?" chonsecho mwini wake ali pomwepo ndipo akumva. Iye ndiye adziwa pamene amapunthwa. Ngati ndi wosamva, pezani wapabanja amene amamvana naye pa chinenero cha manja, koma maso anu akhale pa iye.

Chachitatu, musapite chigulu. Anthu awiri kapena atatu akwanira. Nkhani za kuchimbudzi, kubafa ndi za kumwezi, mayi azikambe ndi mayi mnzake, bambo ndi bambo mnzake.

Chachinayi, tengani kope, pensulo ndi tepi yoyezera. Ngati tepi palibe, dulani kamtengo kolingana ndi kutambalala kwa njinga ya munthuyo, muonjezereko malo a chibakera chimodzi mbali iyi ndi china mbali inayo. Paliponse pamene kamtengo aka sikapita chopingasa, njinganso siidutsa bwino.

Chachisanu, ndipo ichi ndiye chachikulu: tsatani tsiku la munthuyo. Mpempheni akuonetseni m'mene amachitira kuyambira podzuka mpaka pogona. Yendani naye pa liwiro lake. Kuona maso a nkhono nkudekha. Paliponse pamene waima, wagwira khoma, wakwawa kapena waitana wina, lembani. Pamenepo ndiye pali ntchito.

4. NJIRA NDI BWALO

Yambirani kumseu kapena pamene njira ya m'mudzi imapatukira pakhomopo. Onani ngati pali mizu, zitsa, miyala yogwedera, mchenga wotitimira kapena ngalande. Njira yabwino ikhale yolimba, yosalazidwa, yotambalala mosachepera mita imodzi. Pa ngalande paikidwe kamlatho kolimba, osati thabwa limodzi.

Musaiwale kuyang'ana m'mwamba. Ndodo yoyera ya munthu wosaona imapeza za pansi zokha. Chingwe choyanikapo zovala, nthambi yolendewera, nsonga za malata ndi ngodya ya thandala zimammenya kumaso. Dzenje la zinyalala, chitsime ndi nkhuti zoumbira njerwa zitchingidwe kapena zikwiriridwe.

Ngati mwayendera m'chilimwe, funsani kuti, "Nanga mvula ikagwa, madzi amadutsa pati?" Njira yokongola ya mu Okutobala imasanduka matope mu Januwale.

5. PAKHOMO

Yezani kutalika kwa khonde kapena sitepe. Wogwiritsa ntchito njinga afuna potsetsereka m'malo mwa sitepe, koma apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amathira simenti yotsetsereka kwambiri, munthu nkulephera kukwera, ndipo potsika nkugubuduka. Muyeso wake ndi uwu: pa sentimita imodzi iliyonse ya kukwera, pakhale masentimita 12 a kutalika. Ngati khonde lakwera masentimita 30, potsetserekapo patalike masentimita 360, ndiko kuti mamita atatu ndi theka ndi pang'ono. Pangathe kumangidwa ndi dothi lotsendera bwino ndi njerwa zootcha. Pamwamba pake pakhale pokhakhala, m'mbali mwake mukhale mzere wa njerwa kuti tayala lisagwere kunja, ndipo pafupi ndi chitseko pakhale malo athyathyathya oimapo potsekula.

Si onse amene potsetsereka pamawakomera. Woyenda ndi ndodo nthawi zina amakonda masitepe aafupi, ofanana kutalika, okhala ndi mtengo wogwira m'mbali. Mtengo wa bulugamu wozikika bwino, wofika cha m'chiuno mwake, ukwanira. Mfunseni iye, musamsankhire.

Kenaka yezani mpata wa khomo chitseko chili chotsekula. Njinga ya munthu wamkulu imatambalala masentimita 60 mpaka 70. Choncho khomo lisachepere masentimita 80, ndipo 90 ndiye abwino koposa. Onaninso ngati pansi pa felemu pali thabwa kapena njerwa yotumphuka. Kachitunda kakang'ono ngati chala kangathe kugwetsa munthu wokoka mwendo. Loko ndi mpiringidzo zikhale poti munthu angafikire ali chikhalire.

6. M'KATI MWA NYUMBA

Kuti njinga itembenuke pafunika malo opanda kanthu okwana masentimita 150 mbali zonse. Nthawi zambiri malowa amapezeka pongosuntha matumba a chimanga, tebulo kapena njinga yakapalasa. Onani mikeka yopindika m'mphepete, mawaya apansi ndi simenti yopolishidwa kwambiri, pakuti zonsezi zimagwetsa.

Pogona ndi pofunika kwambiri. Kudzuka pamphasa ndi ntchito yaikulu kwa munthu wa maondo ofooka, ndiponso kumapweteka msana wa womdzutsa. Bedi labwino ndi loti munthu akakhala m'mphepete mwake mapazi afike pansi bwinobwino. Kwa wa njinga, bedi lilingane ndi mpando wa njingayo. Ndodo, tochi, madzi akumwa ndi foni zikhale pofikira dzanja. Onaninso ngati angathe kutsitsa ndi kufunyira neti ya udzudzu yekha.

Funsani chipinda chimene amagona. Ngati aikidwa m'kachipinda ka kuseri kumene samva nkhani za pabanja kapena kuona alendo, nyumbayo yamsala ngakhale makomo ake akhale otambalala.

7. CHIMBUDZI NDI BAFA

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene pali mavuto aakulu, komanso ndi pamene manyazi amatitseka pakamwa. Alipo anthu amene amadzimana chakudya ndi madzi masana onse poopa kuvutitsa abale ao kuti awaperekeze. Alipo amene amakwawa ndi manja pansi pa chimbudzi chimene banja lonse limapondapo, kenaka nkudya nsima ndi manja omwewo. Tikumbukire kolera wa mu 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mudzi sungatame ukhondo pamene mmodzi mwa anthu ake alibe chimbudzi choti angalowemo.

Poyendera, fufuzani zinthu izi.

Mtunda: Kodi munthuyo amafika popanda kupumira? Pokumba chimbudzi chatsopano, chiyandikire nyumba, koma chitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa.

Khomo: Makomo a zimbudzi zambiri ndi opapatiza ndi aafupi. Yezani ndi kamtengo kaja. Chitseko chizitsekukira kunja, kuti m'kati mukhale malo, ndiponso kuti munthu akagwera m'kati anzake athe kutsekula. Chingwe chomangirira kuchitseko chimthandize kutseka yekha. Chiguduli cholendewera sichipereka ulemu, makamaka kwa amayi ndi atsikana.

Pansi: Mitanda ikhale yolimba, yosadyedwa ndi chiswe, chifukwa idzasenza munthu, njinga yake ndi womthandiza. Pansi pakhale posavuta kutsuka ndi pouma. Kwa amene amayenda ndi manja, masilipasi akale ovala m'manja kapena timatabwa tokhala ndi zogwirira timateteza zikhato.

Pokhala: Amene sangathe kunjuta afuna mpando. Mpando wakale wa matabwa wobooledwa pakati ndi kupakidwa penti ugwira ntchito. Ena amamanga ndi njerwa nkupaka simenti yosalala. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 45 kwa munthu wamkulu, koma muyeso weniweni ndi kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo lake. Mpando wochotseka ndi wabwino pabanja pamene ena safuna kukhala pansi.

Pogwira: Zikani mitengo iwiri yolimba m'mbali mwa dzenje, kapena mangani chingwe chamfundo pa mtanda wolimba wa denga. Yesani ndi thupi lanu lonse musanamuuze kuti agwire.

Kwa wosaona: Mangani chingwe kapena nsungwi kuchokera pakhomo la nyumba kufika kuchimbudzi. M'kati muumbe popondera potumphuka, kuti apeze dzenje ndi mapazi, osafufuza ndi manja. Chivindikiro chikhale ndi chogwirira chachitali.

Posamba m'manja: Mpondagiya afuna phazi. Kwa amene sangaponde, ikani chidebe cha mpopi pamalo ofikirika, sopo ali pambali.

Usiku: Mpando woboola wokhala ndi ndowa ya chivindikiro pansi pake ungakhale m'chipinda. Abale agwirizane za amene azikataya m'chimbudzi ndi kutsuka m'mawa, popanda kunyogodola.

Ku bafa onani miyala yoterera ndi ndere. Paikidwe benchi lolimba, pogwira, ndi poika beseni pokwererapo kuti munthu asawerame.

8. KUKHITCHINI NDI KUMADZI

Moto wa pamafuwa ndi woopsa kwa wosaona bwino, kwa wodwala khunyu, ndiponso kwa amene manja kapena mapazi ake anachita dzanzi chifukwa cha shuga kapena khate, pakuti amapsa osazindikira. Mbaula ya dothi yotchinga moto, monga Chitetezo Mbaula, imachepetsa ngozi ngati yaikidwa pamalo osagwedera. Wodwala khunyu asakhale yekha pamoto kapena pachitsime, ndipo azilandira mankhwala kuchipatala. Khunyu sapatsirana, akagwa pafupi ndi moto mchotseni msanga.

Wophika ali panjinga afuna mbaula yokwezedwa pa nsanja ya njerwa. Ziwiya, mchere ndi ufa zikhale pakati pa maondo ndi mapewa ake. Madzi akumwa asungidwe m'chidebe cha mpopi, popeza kutunga mumtsuko wakuya nkovuta. Pitaninso kumjigo mukaone ngati angafike pa chopukusira. Ngati sangafike, nkhaniyo ipite ku komiti ya mjigo.

9. KWA AMENE AMAVUTIKA KUONA

Ambiri amene timawatcha osaona amaonako pang'ono, ndipo kuwala ndi mitundu zimawathandiza. Pakani laimu m'mphepete mwa masitepe, pa felemu ya khomo ndi pa miyala ya m'mbali mwa njira. Tsekulani mawindo amene anatsekedwa ndi njerwa. Kanyale ka sola ndi kabwino kuposa koloboyi kapena kandulo.

Lamulo lalikulu la m'nyumba ya wosaona ndi lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake. Mukasuntha mpando, muuzeni. Chitseko chikhale chotsekeratu kapena chotsekuliratu. Mankhwala a mbeu ndi a makoswe asasungidwe m'mabotolo ofanana ndi a zakumwa.

Abale athu achialubino ambiri saona patali, ndipo dzuwa limaononga khungu lao mpaka kuyambitsa khansa. Onani ngati pakhomopo pali mthunzi wogwiriramo ntchito. Chifukwa cha nkhanza zimene akhala akuchitiridwa, makamaka kuyambira mu 2014, onaninso kulimba kwa zitseko ndi mawindo, ndi kuyandikira kwa chimbudzi usiku.

Ng'ala imachizika ndi opareshoni. Musathamangire kunena kuti ndi ukalamba. Perekezani agogo kuchipatala cha maso.

10. KWA AMENE AMAVUTIKA KUMVA

Wosamva amamva ndi maso. M'mdima saona manja kapena milomo ya wolankhula, choncho pamene banja limadyera ndi kuchezera pakhale nyale. Mpando wake uyang'ane kukhomo kuti asadzidzimuke ndi olowa. Kwa amene amamvako pang'ono, tsitsani wailesi polankhula naye, ndipo muyang'anane naye m'malo momkuwira.

Funso lofunika ndi ili: akadzitsekera usiku, mungamdzutse bwanji? "Odi" samumva. Gwirizanani chizindikiro, monga kuthwanimitsa tochi pawindo, chingwe chodutsa pawindo chomangirira ku bedi, kapena foni yonjenjemera. Mnansi wokhulupirika asunge kiyi wina ngati mwini wake wavomera.

11. PA NTHAWI YA NGOZI

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa kuti madzi ndi matope sizidikira munthu. Pa nyumba iliyonse funsani: moto utabuka kapena madzi atasefukira usiku, munthuyu atuluka bwanji? Adzamchenjeza ndani? Adzamnyamula ndani, ndipo adzapita kuti? Maina a anthu awiri alembedwe, ndipo komiti ya m'mudzi yoona za ngozi idziwitsidwe. "Pepani" sapoletsa chilonda.

12. TIKAMALIZA KUYENDERA

Khalani pansi ndi mwini wake ndi banja lake, mugawe zimene mwalemba m'magulu atatu.

Gulu loyamba: zochitika lero lomwe popanda ndalama, monga kusalaza njira, kuzula zitsa, kukweza chingwe cha zovala ndi kusuntha katundu.

Gulu lachiwiri: zofuna zipangizo zopezeka pamudzi, monga mitengo yogwira, mpando wa kuchimbudzi, laimu ndi njerwa. Mutu umodzi susenza denga. Achinyamata, akalipentala ndi amisiri a mu mphakati angapereke Loweruka limodzi.

Gulu lachitatu: zofuna ndalama kapena akatswiri, monga kukulitsa khomo, kukumba chimbudzi china, kapena kupeza njinga, ndodo ndi magalasi. Pa izi funsani mlangizi wa zaumoyo, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, MACODA, Malawi Against Physical Disabilities, kapena mabungwe a anthu aulumali eni ake amene ali pansi pa FEDOMA. Njinga iyenera kuyezedwa molingana ndi thupi la munthu, chifukwa yosamuyenera imayambitsa zilonda.

Mwini wake ndiye anene choyambira. Ngati nyumba ndi ya lendi, kambiranani ndi mwini nyumba musanagumule kanthu. Musalonjeze zimene simungathe. Pakatha mwezi bwererani mukaone ngati zimene munakonza zikugwiritsidwa ntchito, ndipo mudzapitenso mvula ikayamba.

Kwa inu amene mukuumba njerwa chaka chino, mau anga ndi awa: kuika khomo la masentimita 90 pomanga nkotchipa kuposa kudzagumula khoma mawa. Mangani nyumba imene mudzathe kulowamo muli ndi zaka 80.



MAFUNSO OKAMBIRANA MU MPHAKATI

1. Kodi mu mphakati mwathu muli anthu angati amene amavutika kuyenda, kuona kapena kumva? Nanga ndi angati amene sitiwaona pamisonkhano chifukwa sangathe kutuluka m'nyumba?

2. Nchiyani chimatilepheretsa kukamba za chimbudzi poyendera odwala? Tingayambe bwanji nkhaniyi mwaulemu?

3. Kodi nyumba zimene timasonkhanamo, sukulu, mjigo ndi tchalitchi chathu nzofikirika kwa onse?

4. Tiyamba ndi nyumba iti mwezi uno, apite ndani, ndipo adzapereka liti lipoti?